TOMATO WA M'DIMBA NDI ABALE AKE A KUTHENGO



Ndiyambe ndi zimene zinatigwera ife a gulu lathu. Tinapempha kadimba m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, tinasonkha ndalama ndi kugula mbeu ya tomato. Colinga cinali cakuti tikagulitsa tipeze ndalama ya ulendo wa ku msonkhano wa acinyamata. Tinagawana masiku othirira, ndipo anyamata anali kugona kudimba kuingitsa mvuu ndi njobvu. Mbeu zinakula bwino mpaka kuyamba maluwa. Koma dzuwa la September litayamba kuwawa, zinayamba kufota masana ngakhale nthaka inali yonyowa. Titazula imodzi tinapeza mizu yatupa, yamanga timfundo ngati mikanda. Patapita milungu yocepa dimba lonse linatha. Za msonkhano tinangomva kwa anzathu.

Tsiku lina ndinali kudandaula kwa ambuya anga. Iwo anaseka, naloza pa dzala kuseri kwa nyumba pamene panamera phwetekere, uja wa tizipatso tating'ono towawasa. Anati, "Mdzukulu wanga, uyo anabzala ndani? Anathirira ndani? Inu ophunzira mukonda cacikulu, koma mphamvu ili mwa kakang'ono."

Ndinayesa nthabwala cabe. Koma nditayamba kuwerenga mbiri ya tomato, ndinabvomera kuti mau a akulu akoma akagonera. Tomato wamkulu amene tigulitsa ku Mfuwe ndi ku Chipata akanatha kale ndi matenda, pakadapanda abale ake ang'onoang'ono a kuthengo. Tiyeni tiitsate mbiri imeneyi pamodzi.

KWAO KWA TOMATO

Ambiri a ife tiganiza kuti tomato ndi mbeu ya makolo athu, popeza alowa mu ndiwo iliyonse: kapenta, nsomba za m'Luangwa, cibwabwa, therere. Koma tomato ndi mlendo. Kwao ndi ku South America, m'maiko a Peru, Ecuador ndi Chile, m'mbali mwa mapiri a Andes. Kumeneko mpaka lero kumera mitundu 12 ya tomato wa kuthengo. Wina amera m'cipululu momwe mvula igwa mwa apo ndi apo, wina pamwamba pa mapiri pozizira, wina pa zisumbu za Galapagos pafupi ndi madzi amcere a m'nyanja. Yambiri ya mitunduyi zipatso zake sizifiira ngakhale zitakhwima, ndipo sizidyedwa. Koma mtundu umodzi, umene asayansi autcha Solanum pimpinellifolium, uli ndi tizipatso tofiira tating'ono ngati nsawawa. Umenewu ndiwo kholo la tomato amene tilima.

Anthu a kumeneko ndiwo anayamba kumlima, nasankha mbeu ya zipatso zazikuluko caka ndi caka kwa mibadwo yambiri. Nchito imeneyi inafika patali ku Mexico, kwa mtundu wa anthu otchedwa Aztec. Pamene Hernán Cortés ndi asilikali a ku Spain anagonjetsa dziko lao mu 1521, tomato anali kale cakudya ca pa msika. Dzina lakuti tomato, ndi lathu lija lakuti matimati, onse acokera ku liu la cinenero cao lakuti tomatl.

ZIMENE ZINATSALA M'MBUYO

Zombo za ku Spain zinanyamula mbeuyi kupita nayo ku Ulaya. Mu 1544 sing'anga wa ku Italy, Pietro Andrea Mattioli, analemba za iyo m'buku lake la zitsamba. Kwa zaka zambiri anthu a m'maiko ena a ku Ulaya anaopa kumudya tomato, poganiza kuti ali ndi ululu wakupha, ndipo anali kumbzala ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Kucokera ku Ulaya anafalikira pa dziko lonse, mpaka kufika kwathu kuno, monga zinafikira mbeu zina za ku America zimene lero tiyesa zathu: cimanga, cinangwa, nshawa, fodya ndi tsabola.

Koma pa ulendo uliwonse panali kutayika cinthu. Tiyerekeze kuti banja lasamuka m'mudzi ndi nkhuku zinai zokha. Patapita zaka nkhukuzo zaswana mpaka kudzaza khola, koma zonse ndi za magazi amodzi. Citopa cikabwera, cimene capha imodzi cipha zonse, pamene kumudzi kuja, kumene kunali nkhuku zamitundumitundu, zina zikanapulumuka. Ndi mmene zinacitikira ndi tomato. Ocoka ku Andes kupita ku Mexico anatenga mbeu zocepa, ocoka ku Mexico kupita ku Ulaya anatenganso zocepa mwa zocepazo. Mu 1990 asayansi awiri a ku America, Miller ndi Tanksley, anayerekeza cibadwa ca mitundu ya tomato, ndipo cimene cidziwika tsopano n'cakuti tomato wolimidwa ali ndi magawo osafika 5 pa 100 a kusiyanasiyana kumene kuli mwa abale ake a kuthengo. Anakula, anafiira, anakoma, koma zida zambiri zodzitetezera anazisiya kwao.

Kuopsa kwa kudalira mtundu umodzi kunaoneka ku Ireland. Anthu osauka kumeneko anali kudalira mbatatesi, makamaka mtundu umodzi wotchedwa Lumper. Mu 1845 kunabuka matenda a ciwau amene anaoletsa minda caka ndi caka, ndipo anthu pafupifupi 1,000,000 anafa ndi njala ndi matenda otsata njala. Mbatatesi ndi tomato ndi a banja limodzi, ndipo ciwau comweco ndico cimadetsa masamba a tomato wathu nyengo ikakhala yacinyontho ndi yozizira.

WANSEMBE NDI NSAWAWA ZAKE

Njira yothandiza inayambira m'kadimba ka nyumba ya ansembe mu mzinda wa Brno, umene lero uli m'dziko la Czech Republic. Kumeneko Gregor Mendel, wa cipani ca Augustino Woyera, anakwatitsa mitundu ya nsawawa kuyambira 1856 mpaka 1863. Anabzala mbeu pafupifupi 28,000, nawerenga ndi kulemba zonse. Anapeza kuti akakwatitsa nsawawa yaitali ndi yaifupi, ana onse a mbadwo woyamba atuluka aatali. Koma mu mbadwo waciwiri ufupi uja ubwerera: pa mbeu 4 zilizonse, pafupifupi 3 zazitali ndi imodzi yaifupi. Ndiye kuti khalidwe lililonse lili ndi kambeu kake kobisika kamene kholo lipatsira mwana, ndipo sikasungunuka. Timbeu timeneti lero tititcha majini. Musaope dzinalo, si mizimu yoipa ai. Ndi timalangizo ta cibadwa timene tili m'thupi la camoyo ciliconse.

Mendel anafotokoza zimene anapeza mu 1865, koma anthu sanasamale. Anamwalira mu 1884, ndipo nchito yake inazindikiridwa mu 1900. Kucokera pamenepo okonza mbeu anadziwa kuti n'kotheka kutenga khalidwe limodzi lokha, monga kupirira matenda, kucokera ku mbeu yonyozeka ndi kulilowetsa mu mbeu yabwino. Akwatitsa ziwirizo, asankha ana opirira, awakwatitsanso ndi kholo labwino lija, mobwerezabwereza kwa mibadwo ingapo, mpaka patsale tomato wamkulu wokhala ndi mphamvu ya wamng'ono.

KUBWERERA KUTHENGO

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 alimi a tomato ku United States anali kulira ndi matenda ofotetsa otchedwa Fusarium, amene akhala m'nthaka ndi kutseka njira za madzi m'tsinde. Mu 1939 asayansi awiri, Bohn ndi Tucker, analengeza kuti kaphwetekere ka ku Peru kaja, Solanum pimpinellifolium, sikagwidwa ndi matendawa. Mu 1941 kunatuluka mbeu yotchedwa Pan America, yokhala ndi mphamvu imeneyo. Koma matenda nawo sagona. Kunabuka mtundu waciwiri wa Fusarium, ndipo mphamvu youthetsa inacokeranso kwa kaphwetekere komweko. Mtundu wacitatu utaoneka ku Australia mu 1978, okonza mbeu anapeza thandizo kwa mbale wina wa m'cipululu, Solanum pennellii, wa zipatso zobiriwira zimene palibe angadye.

Nanga timfundo tija tinaona pa mizu ya dimba lathu? Timabwera ndi tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, timene tilowa mu mizu ndi kuitupitsa mpaka ilephera kumwa madzi. Mphamvu yolimbana nato inapezeka mu mtundu wa kuthengo wotchedwa Solanum peruvianum. Bvuto linali lakuti mtunduwu subalana bwino ndi tomato wolimidwa, mbeu imafa isanakhwime. Mu 1944 Paul Smith wa ku yunivesite ya California anacotsa kamluza m'cipatso kasanafe, nakalera m'botolo. Mitundu yambiri ya lero yopirira tinyongolotsi ndi zidzukulu za nchito imeneyo.

Munthu amene anadzipereka kwambiri pa nchito yosonkhanitsa tomato wa kuthengo anali Charles Rick, amene anabadwa mu 1915 namwalira mu 2002. Kuyambira 1948 anayenda maulendo ambiri ku Andes ndi ku Galapagos, kutola tizipatso m'mbali mwa miseu ndi m'makwalala a mapiri. Ku Galapagos anapeza kuti mbeu ya tomato wa kumeneko imera bwino ikadutsa m'mimba mwa akamba akuluakulu. Ife a ku Malambo sitingadabwe, popeza tiona mitengo imene imera m'ndowe za njobvu. Nkhokwe ya mbeu imene anaisiya ku Davis, ku California, itchedwa ndi dzina lake, ndipo isunga magulu a mbeu za tomato oposa 3,000.

MBEU ZIMENE TIGULA M'SITOLO

Tsopano tengani kapaketi ka mbeu muwerenge. Dzina lililonse lili ndi mbiri yake. Moneymaker ndi mbeu yakale ya ku England, yobereka bwino koma yopanda zida zambiri za kuthengo. Roma anatulutsidwa ku United States mu 1955, ndipo pa dzina lakuti Roma VF, zilembo ziwirizo zitanthauza kuti apirira matenda awiri ofotetsa, Verticillium ndi Fusarium. Mukaona N, ndiye kuti apirira tinyongolotsi ta mizu. Rodade anakonzedwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1980 kuti alimbane ndi kufota kobwera ndi mabakiteriya.

Tengeru, amene alimi ambiri m'Zambia amdziwa, dzina lake ndi la malo a kafukufuku pafupi ndi Arusha ku Tanzania. Bungwe la kafukufuku wa ndiwo zamasamba limene linayamba ku Taiwan mu 1971, lotchedwa tsopano World Vegetable Center, linatsegula nthambi yake ku Arusha mu 1992. Pogwirizana ndi asayansi a ku Tanzania, mu 1997 anatulutsa mbeu ziwiri, Tengeru 97 ndi Tanya, za zipatso zolimba zosaphwanyika msanga paulendo. Apa pali phunziro: zokolola sizitha ndi kuculuka kwa zipatso m'munda. Tomato amene waphwanyika m'bokosi pa njinga asanafike pa msika sali m'gulu la zokolola.

Palinso mbeu zolembedwa F1, zija zodula. Zimenezi ndi ana a mbadwo woyamba a makolo awiri osiyana, monga nsawawa zazitali za Mendel. Zikula mofanana, zibereka kwambiri, ndipo zambiri zinyamula zida zingapo nthawi imodzi. Koma mukasunga mbeu yocokera m'zipatso zake, mwalowa mu mbadwo waciwiri, ndipo makhalidwe abalalika: wina wamkulu, wina wamng'ono, wina wopirira, wina wofooka. Si kuti wogulitsa anakunamizani. Ndi lamulo lija la 3 ndi 1.

KUNO KU MALAMBO

Mbeu zonsezi zinakonzedwa kutali, ndipo cigwa cathu cili ndi mabvuto akeake. Loyamba ndi kutentha. Mu October kuno kutentha kufika ndi kupitirira madigiri 40, pamene maluwa a tomato ayamba kuyoyoka osagwira cipatso masana akapitirira madigiri 32 ndipo usiku sukuzizira. Ndiye cifukwa cake mbeu imene yacita bwino kumtunda ku Chipata ingathe kukhumudwitsa kwa Kakumbi, kwa Nsefu kapena kwa Mnkhanya.

Laciwiri ndi lobisika. Mphamvu ija ya 1944 yolimbana ndi tinyongolotsi imafooka nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28. Tsono ngakhale paketi ikhale ndi N, nthaka yamcenga ya m'mbali mwa mtsinje ikapsa ndi dzuwa la September, cida cija cileka kugwira nchito. Mlimi amene aphimbira nthaka ndi udzu athandiza mbeu yake kusunga mphamvu imene inabadwa nayo.

Lacitatu ndi adani acilendo. Kangaude wofiira amene amanga ukonde pa masamba m'nyengo yotentha kwao ndi ku South America, ndipo anaoneka ku Zimbabwe mu 1979 asanafalikire m'cigawo cino. Kambozi kotchedwa Tuta absoluta, kamene kaboola masamba ndi zipatso, nakonso n'kocokera komweko. Kanafika ku Spain mu 2006, ndipo mu 2016 kanalowa m'Zambia ndi kuononga minda yambiri. Mankhwala opopera sakhalitsa, cifukwa kambozika kazolowera msanga. Kodi asayansi ayang'ana kuti? Kuthengo komwe kuja. Mitundu ina ya ku Andes ndi ku Galapagos ili ndi tiubweya pa masamba timene titulutsa madzi onata kapena onunkha, amene tizirombo tiwada, ndipo okonza mbeu ali pa nchito yosamutsa khalidwe limeneli. Kuyambira 2012, pamene asayansi anatsiriza kuwerenga majini onse a tomato, pafupifupi 35,000, nchito yosankha ikufulumira.

N'cifukwa cake maiko asunga mbeu m'nkhokwe zozizira. Kwathu kuno nkhokwe ya dziko ili ku Mount Makulu, ku Chilanga, ndipo ya maiko a SADC, imene inayamba mu 1989, ili ku Chalimbana pafupi ndi Lusaka. Koma nkhokwe yoyamba ya mbeu ndi ija ya amai ndi ambuya athu: m'kacigubu, m'kansalu kotsomeka ku denga, ndi pa dzala.

NANGA IFE TICITE CIANI?

Coyamba, tidziwe mdani tisanagule mbeu. Mbeu ikafota, zulani muone mizu. Ngati ili ndi timfundo, ndi tinyongolotsi. Ngati mizu ili bwino, dulani tsinde muliviike m'tambula ya madzi oyera. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika, ndi mabakiteriya. Mukadziwa mdani, sankhani mbeu yolimbana naye, ndipo funsani alangizi a zaulimi a kwanuko.

Caciwiri, tisabzale mtundu umodzi wokha. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Gulu lililonse lingathe kucita kafukufuku wake: mizere itatu kapena inai ya mitundu yosiyana, nthaka imodzi, madzi ofanana, ndi kabuku kolembamo tsiku lofesa, mbeu zimene zafa, ndi mabeseni okolola. Ikaniponso mzere wa phwetekere wa pa dzala. Iye si wa kuthengo ngati abale a ku Andes, ndipo mwina kulimba kwake kuthandizidwa ndi phulusa ndi manyowa a pamalopo. Mudzadziwa zoona mukamuika pa mzere umodzi ndi anzake. Mendel analibe makina, anali ndi maso ndi kabuku.

Cacitatu, posunga mbeu sankhani tsinde, osati cipatso. Alexander Livingston wa ku Ohio anataya zaka zambiri akusankha zipatso zokongola popanda phindu. Atayamba kusankha tsinde limene zipatso zake zonse zinali zosalala, anatulutsa mbeu yotchuka ya Paragon mu 1870. Inunso mangani kansalu pa tsinde limene lakhala lathanzi pamene anzake adwala. Finyani zipatso zake zakupsa m'kapu, musiye masiku 2 kapena 3, tsukani, yanikani pamthunzi. Koma kumbukirani, osati za F1.

Cacinai, tithandize mbeu ndi kalimidwe. Fesani mvula ikamatha kuti maluwa agwe m'miyezi yozizira ya June ndi July. Musabwereze tomato pamalo amodzi, kapena pamene panali fodya, tsabola, impwa ndi therere, popeza tinyongolotsi tikonda zonsezi. Sinthanitsani ndi cimanga kapena mapira, thirani manyowa, phimbirani nthaka.

Ife a gulu lathu tinabwerera ku Lupande. Tinasintha malo, tinafesa msanga, tinabzala mitundu itatu ndi mzere umodzi wa phwetekere wa ambuya. Kabuku kali ndi mlembi wathu. Pamene ndinapita kukapempha mbeuyo, ambuya anandiyang'ana nati, "Lero wabwera kwa kakang'ono?" Ndinati, "Inde ambuya, ndabwera."

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Ndi mitundu iti ya tomato imene ilimidwa m'mudzi mwanu, ndipo mbeu yake icokera kuti?
2. Ndi mbeu ziti zamakolo, za ndiwo kapena za m'munda, zimene zikusowa kwanuko? Ndani akali nazo?
3. Ngati gulu lanu lili ndi dimba, ndani adzasunga kabuku caka cino?